Kujambula Duwa ndi Singano

Palibe munthu amene analowapo m'nyumba ya mayi wosamala pakhomo pake, kaya ndi m'tauni kaya ndi kumudzi, amene sanaonepo nsalu yoyera yoyalidwa pa tebulo kapena pa msana wa mpando, pangodya pake pali duwa lopetedwa ndi ulusi wofiira ndi masamba awiri obiriwira, mwinanso ndi mawu a malonje ozungulira m'mphepete. Luso limeneli amayi athu analiphunzira kusukulu pa phunziro la zosokasoka, ena m'magulu a Mvano, Chigwirizano ndi Umanyano, enanso kwa alangizi a zapakhomo amene ankayendera midzi. Ndipo sindifuna kulipeputsa ayi, pakuti nsalu zotere zakometsa nyumba zambiri ndi kulipirira ana ambiri sukulu. Komabe aliyense wopenyetsetsa adzavomereza kuti duwa la pa nsalu zimenezi ndi chizindikiro chabe cha duwa: kufiira kwake n'kumodzi kuchokera kunsonga kufikira patsinde, lilibe potukuka kapena polowa, lilibe mbali yoombedwa ndi dzuwa kapena yobisala mumthunzi, kotero kuti njuchi, ngakhale yopusa chotani, siingatere pamenepo.

Kulitu kapetedwe kena, kamene eni ake amakatcha kujambula ndi singano, popeza mmisiri wake agwira singano pamene wojambula akadagwira burashi, natenga ulusi pamene mnzakeyo akadatenga utoto. M'kapetedwe kameneka mitundu ya ulusi siimangogundana pamalire, koma imalowana pang'onopang'ono, wotuwa kulowa mwa wowala, wowala kulowa mwa woderako, kufikira diso litalephera kuloza pamene wina wathera ndi pamene mnzake wayambira. Ambiri oona ntchito yotere koyamba amayesa kuti mwini wake adziwa misoko makumimakumi yobisika kwa anthu wamba, nataya mtima asanayese n'komwe. Zoona zake n'zakuti msoko wake waukulu ndi umodzi, wotalika ndi wofupika motsatizana, ndipo mwana wasukulu angauphunzire dzuwa lisanalowe. Chimene chimadya zaka ndicho kuphunzitsa maso, kuti aleke kuona duwa limene munthu analisunga m'mutu kuyambira ubwana wake, ayambe kuona duwa limene lili pamaso pake.

Kupeta n'kwakale ndithu. Mabuku a Mose atiuza kuti pomanga chihema m'chipululu panali Aholiabu wa fuko la Dani, mnzake wa Bezaleli, amene anali mmisiri wopeta ndi ulusi wa mitundumitundu, ndipo amuna amene amayesa singano chida cha akazi okhaokha akumbukire kuti ameneyu anali mwamuna mnzawo. Koma kapetedwe kolowanitsa mitundu kamene tikunenaka kanakhwimira ku China, kwawo kwa silika, ulusi umene amausolola ku zikwa za mbozi zodya masamba a mabulosi. M'zaka za m'ma 1600, mu ufumu wa Ming, ku Shanghai kunali banja la a Gu limene akazi ake anatchuka ndi singano. Mmodzi wa iwo, Han Ximeng, anapeta mu 1634 zithunzi zotengera pa zojambula za akatswiri akale, ndipo wojambula wamkulu wa masiku amenewo, Dong Qichang, analembapo mawu oyamikira. Zithunzizo zisungidwa ku Beijing kufikira lero. Mumzinda wa Suzhou, kumene luso limeneli likali ndi moyo, amisiri amang'amba ulusi umodzi wa silika pawiri, nabwereza kung'amba, kufikira utagawika magawo 16 kapena kupitirira apo, kuti apete nawo zipsepse za nsomba ndi ndevu za mphaka. Ena amapeta nsalu yoti muiyang'ane kumaso kapena kumbuyo chithunzi chili chimodzimodzi, popanda mfundo kapena kansonga ka ulusi kooneka.

Mwa amisiri onse a ku Suzhou, amene ali ndi phunziro lotikhudza ife ndiye Shen Shou, wobadwa mu 1874, amene anamwalira mu 1921. Mayi ameneyu, atakondweretsa a kunyumba yachifumu ndi nsalu zimene anapereka kwa mfumukazi Cixi mu 1904, anatumidwa ku Japan kukaona mmene amisiri a kumeneko agwirira ntchito. Ndipo atapenya zojambula za Azungu, anazindikira kuti chimene chimapatsa moyo nkhope yojambulidwa ndicho kuwala kogwa mbali imodzi ndi mthunzi wotsalira mbali inayo. Kuyambira pamenepo anapeta motsata kuwala. Chithunzi chake cha mfumukazi Elena ya ku Italy chinaonetsedwa ku Turin mu 1911, ndipo cha nkhope ya Yesu chinalandira mphoto yapamwamba pa chionetsero cha ku San Francisco mu 1915. Pamene matenda anamufooketsa ku Nantong, kumene ankatsogolera sukulu ya atsikana opeta, anafotokoza luso lake lonse kwa Zhang Jian, amene anakhazikitsa sukuluyo, ndipo iyeyu analilemba m'buku kuti mwini wake asapite nalo kumanda.

Ku England nakonso kunali Mary Linwood, mphunzitsi wa ku Leicester, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1755 mpaka 1845. Iye ankapeta ndi ubweya wa nkhosa wonyikidwa mwapadera m'mitundu imene ankafuna, natengera zojambula zikuluzikulu za akatswiri monga Gainsborough ndi Reynolds mokhulupirika kotero kuti kwa zaka zoposa 30 anthu ankalipira ndalama kukaziona ku Leicester Square mumzinda wa London. Chithunzi chake cha Mpulumutsi, chotengera pa cha Carlo Dolci, anachisiyira mfumukazi Victoria. Koma zotsalazo, mwini wake atangotsikira kulichete, zinagulitsidwa pa mtengo wochititsa manyazi. Luso lokhalo silinafe. Sukulu ya Royal School of Needlework, imene inayamba mu 1872 ndipo kuyambira 1987 ili ku Hampton Court Palace, imaphunzitsabe kapetedwe kameneka. Ndipo kuno kwathu ku Africa, Trish Burr wa ku Cape Town walemba mabuku angapo osonyeza kuti ulusi wa thonje wamba ukwanira kupetera maluwa ndi mbalame popanda kufuna silika.

Tsono ine ndiyesa kuti mbiri ya amayi awiriwa, Shen Shou ndi Mary Linwood, itiphunzitsa kanthu. Wachiwiriyu anali ndi dzanja lodabwitsa, koma anabwereka maso a anthu ena, ndipo m'badwo wosilira zotengera utapita, ntchito yake inatsala yopanda mwini. Woyambayo, ngakhale nayenso ankatengera zithunzi, anafunsa chifukwa chake chithunzi chioneka chamoyo, ndipo yankho limene analipeza ndi limene ophunzira ake anapitirira nalo. Ife nthawi zambiri timatsata njira ya Linwood popanda dzanja lake: timatengera duwa la rozi pa pepala limene mnzathu anatengera kwa mnzake, amenenso anatengera m'buku lakunja, kufikira litasanduka chinthu chimene sichinamerepo m'munda uliwonse pansi pano. Chikhala bwino woyamba kuphunzira asiye mapepalawo, apite kudimba kapena kuseri kwa nyumba mmamawa, akaime pa therere lobala.

Duwa la therere lobala ambiri a ife timalipitirira, chifukwa maso athu amakhala pa ndiwo. Lili ndi masamba asanu otambasuka, ndipo mukafunsidwa mtundu wake mudzayankha msanga kuti n'lachikasu. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, chotero njutani pansi mulipenyetsetse. Kunsonga, kumene tsamba lapyapyala ndipo dzuwa lalipyoza, n'kotuwa pafupifupi kuyera. Chapakati chikasu chiyamba kugwira. M'timitsempha toyenda kuchokera patsinde muli kubiriwira kwapatalipatali. Ndipo patsinde penipeni pali banga lofiira moderako, lakuda ndithu mkatikati mwake, limene silithera pa mzere wowongoka koma limakwera m'mitsempha ndi timalilime tosongoka, tina totalika tina tofupika. Pakati paima kamzati kokutidwa ndi mungu wachikasu, kunsonga kwake kuli timitu tofewa tofiira kwambiri. Onaninso kuti tsamba lililonse laphimba mnzake mbali imodzi, ilo lomwe nkuphimbidwa mbali inayo, ndipo pansi pa mphepete yophimbayo pagona kamthunzi kopyapyala. Duwa limeneli n'la tsiku limodzi, pofika madzulo lafota. Choncho lijambuleni papepala mmawa womwewo, ndipo ngati muli nawo kale ulusi, uyandikizeni pa duwalo kuti musankhe mitundu likali lamoyo. Chithunzi cha pafoni chithandiza kusunga maonekedwe, koma pa mitundu foni imanama, makamaka pa chikasu chotuwa chotere.

Zida zake n'zochepa. Nsalu ikhale ya thonje kapena bafuta wolukidwa mothinana, wosatamuka pomukoka. Ichapidwe ndi kusitidwa isanayambe ntchito, kuti ngati ili yoti ifupike ifupikiretu, ndipo ikakhala yopyapyala muiphatikize ndi inzake kumbuyo kuti ipirire kulemera kwa misoko. Mufunanso mkombero, ndiwo timagudumu tiwiri ta mtengo kapena pulasitiki tolowana, tokhala ndi kachitsulo komangitsira. Kamkatiko kakulungeni ndi kansanza koyera kuti nsalu isaterereke. Pano m'mera mpoyamba: nsalu ikungidwe zolimba, yoti mukaigogoda ndi chala imveke kulira, pakuti misoko mazanamazana yogona pamalo amodzi imakoka nsalu, ndipo imene inali yolendewera idzachita makwinya kuzungulira duwa, makwinya amene palibe simbi ingawathetse. Singano ikhale yaing'ono, yosongoka, ya diso lalitali. Amalonda amaziwerenga ndi manambala, nambala ikamakula singano ikuchepa, ndipo ya 9 kapena ya 10 ndiyo yoyenera. Onjezanipo kasizasi kakuthwa kunsonga ndi pensulo yosongoledwa bwino, basi.

Ulusi wopetera wodziwika m'masitolo, monga wa DMC, kampani ya ku Mulhouse m'dziko la France imene inayamba mu 1746, kapena wa Anchor, umabwera m'timitolo ta mamita 8, ndipo uli ndi nkhosi 6 zopotedwa pamodzi mosathina. Mlaliki anatama chingwe cha nkhosi zitatu chifukwa cha kulimba kwake, koma pa ntchito ino tifuna kufewa, osati mphamvu: dulani ulusi wotalika ngati masentimita 40, mugwire kunsonga, musolole nkhosi imodzi yokha molunjika kumwamba, ndipo imeneyo ndiyo mulowetse m'singano. Amene afulumira amatenga ziwiri kapena zitatu kuti duwa lidzaze msanga. Lidzadzaza inde, koma msoko uliwonse udzaoneka paokha, ndipo mitundu siidzalowana. Ulusi wotalika kupitirira masentimita 40 aja umatha kuwala ndi kuchita ubweya chifukwa cholowa ndi kutuluka m'nsalu kambirimbiri. Za ulusi wotsika mtengo wa pamsika, wopanda dzina kapena nambala, sindinena kuti wonse ndi woipa, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyowetsani kachidutswa ka wofiira, mukapsinje pa nsalu yoyera, ndipo ukasiya banga, dziwani kuti tsiku lochapa udzaononga chikasu chonse chozungulira. Pa duwa la therere mufuna mitundu inayi kapena isanu ya chikasu, kuyambira chotuwitsitsa kufikira chakupsa, iwiri kapena itatu ya kufiira koderako, ndi itatu ya kubiriwira. Muiyale pamzere padzuwa, ndipo ngati pakati pa iwiri yoyandikana diso lilumpha, pafunika wina wapakati.

Chojambula chanu chimatikeni pa galasi la zenera masana, nsalu pamwamba pake, mutsate mizere ndi pensulo mopepuka. Bolopeni ayi, pakuti inki yake imayenderera. Mukatha, musathamangire singano, chifukwa yatsala ntchito imene ambiri amailumpha, imenenso ndiyo mwini nkhani. M'kati mwa tsamba lililonse lembani timizere tosonyeza kumene misoko idzaloza, motsata mitsempha ya duwa lenileni: tonse tichokere patsinde, wapakati uwongoke, a m'mbali akhote pang'onopang'ono kutsata kutambasuka kwa tsambalo. Chifukwa chake n'chakuti ulusi uli ndi kuwala kwake, kumene kumasintha malinga ndi kumene wagonera, kotero kuti mtundu umodzi womwewo, ukagona choimirira pano ndi chopingasa apo, umaoneka ngati mitundu iwiri. Misoko ikatsata mitsempha, diso limakhulupirira kuti tsamba lapindika, ngakhale nsalu ili yosalala. Ikasokera, palibe ulusi wokwera mtengo umene ungalipulumutse duwalo. Munthu angalakwitse mtundu, owona nkumukhululukira poganiza kuti ndi therere la mtundu wina; koma akalakwitsa kolowera misoko, ngakhale mwana adzaona kuti chinachake chavuta, chinkana sangathe kuchitchula. Pomwepo tsimikizaninso mbali imene kuwala kukuchokera, muike kachizindikiro pangodya ya nsalu, ndipo musasinthe maganizo ntchito ili pakati.

Lamulo la katsatidwe ndi lakuti chakumbuyo chiyambe, chakutsogolo chitsirize, kuti mphepete ya tsamba lapamwamba igone pa misoko ya lapansi monga zilili pa duwa lomwe. Duwa loonedwa chammbali silivuta, pakuti masamba akumbuyo adziwika okha. Koma la therere loonedwa kumaso lili ndi msampha, popeza monga taona tsamba lililonse lili pansi mbali imodzi ndi pamwamba mbali inayo. Njira yake ndi kusankha limodzi, kupeta mbali yake yophimbidwa, kusiya mphepete yake yophimba mnzake ili yosatha, kuzungulira masamba anayi otsalawo, ndi kudzamaliza mphepete ija pothera penipeni. Musanadzaze tsamba lililonse, zungulizani mphepete yake ndi timisoko ting'onoting'ono tobayana: mukasoka kamodzi, singano ituluke pakati pa kamsoko komweko, kukang'amba pawiri, ndi kupitirira chomwecho. Kamzere kameneka kadzabisika pansi pa misoko ikubwera, koma ndiko kamene kamapatsa tsamba mphepete yosalala ndi yotukuka pang'ono. Mfundo kumbuyo kwa nsalu sizifunika. Poyamba ulusi, bayani timisoko tiwiri titatu tochepetsetsa pamalo pamene padzaphimbidwa, ndipo pomaliza chitani chimodzimodzi.

Tsopano tafika pa msoko uja. Yambirani pakati pa nsonga ya tsamba ndi chikasu chotuwitsitsa. Singano ituluke m'kati mwa tsamba, ilowe kunja kwa kamzere ka m'mphepete, moukhudza. Msoko woyamba ukhale wotalika ngati sentimita imodzi, wachiwiri wofupikirako, wachitatu wotalika, mothinana kotero kuti nsalu isaoneke pakati pawo, kupita kudzanja lamanja kufikira mphepete itatha, kenaka kubwerera pakati ndi kupita kumanzere. Mzere woyambawu ukhale wautali kuposa mmene muganizira, chifukwa gawo lake lalikulu lidzakwiririka. Aliyense amene anaonapo amuna akufolera nyumba ya udzu wamvetsa kale chotsatira: amayambira m'munsi mwa denga, ndipo mtolo uliwonse wotsatira umagona pa mitu ya udzu wa mzere wapita, kukwera kufikira pansonga, osasiya mpata wolowera mvula. Momwemonso mzere wachiwiri, wa chikasu chogwirako, singano ituluke m'kati mwa misoko ya mzere woyamba, chapakati pake kapena kupitirira, moing'amba ndithu popanda mantha, nikalowe pa nsalu yopanda kanthu molunjika kutsinde. Kutulukira mwa misoko yakale kuli ndi chifukwa chake: singano yolowa kuchokera pamwamba imaikanikizira pansi nisiya timaenje tooneka, pamene yotuluka kuchokera pansi imaitukula, ulusi watsopano numira mwa wakale. Kuyambira mzere wachiwiriwu, iwalani zowerenga kuti wautali, waufupi, wautali, waufupi. Misoko iyambire pamalo osiyanasiyana, wina pamwamba, wina m'munsi, wina pakati, mosatsata dongosolo. Pakuti amene aisanja molingana adzapeza kuti duwa lake lili ndi mizere yopingasa yooneka, mtundu uliwonse uli m'chigawo chake. Ili ndi vuto la anthu audongo makamaka, amene dzanja lawo linazolowera kupinda mipendero yowongoka. Pamene tsamba likhota, fupikitsani misoko, popeza msoko wautali sudziwa kukhota. Ndipo poyandikira tsinde, pamene malo achepa, misoko ichepenso chiwerengero, ina ithere pansi pa inzake, kuti isaunjikane.

Banga lofiira lija ndilo lidzayesa mtima wanu. Mukafika nalo pafupi, yambani ndi kufiira kosaderetsa, ndipo misoko ingapo muikwezere kutali m'chikasu, umodzi pano, wina apo, motsata timitsempha, kuti timalilime tija tioneke. Kenaka lowetsani koderako, ndi kumaliza ndi kwakuda patsinde penipeni. Ophunzira ambiri amaopa mitundu yakuda, nasankha yofatsa yokhayokha, ndipo duwa limatuluka lofooka. Komatu chikasu chotuwa chimawala chifukwa cha mdima umene uli pambali pake. N'chimodzimodzi ndi kamthunzi ka pansi pa mphepete yophimba: ikanipo misoko yowerengeka ya chikasu chakupsa, mwina chosakanizika ndi kubiriwira, ndipo mudzaona tsamba lapamwamba likunyamuka pa nsalu. Amisiri ena amakhala ndi singano zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, iliyonse ndi mtundu wake, nabaya zimene sakugwiritsa ntchito cha pambali pamwamba pa nsalu kuti ulusi usakolane kumbuyo. Kutero kumalola kusintha mtundu pamene diso lafuna, osadikira kuti ulusi uthe. Ndipo kawirikawiri imikani mkombero pa mpando, mubwerere m'mbuyo mapazi angapo, muuyang'ane muli chapatali, pakuti munthu amene mphuno yake ili pa nsalu amaona misoko, pamene duwa limaonekera patali.

Zolakwa zidzakhalapo, ndipo ubwino wa kapetedwe kameneka ndi wakuti zambiri sizifuna kusomola. Pamene nsalu ikusuzumira, onjezanipo msoko. Pamene mitundu iwiri yakumana mwadzidzidzi, bayanipo misoko ingapo ya mtundu wapakati pamwamba pa yakaleyo. Chokhacho chosakonzeka ndicho misoko yoloza kolakwika, ndipo imeneyo idulidwe ndi kasizasi ndi kuzulidwa yonse, ngakhale mtima uwawe. Tsamba loyamba lidzakhala loipa kuposa lachisanu. Chotero wanzeru amayesera kaye pa kansalu kena, kapena amayambira tsamba limene lidzaphimbidwa kwambiri.

Zotsala n'zopepuka. Mungu wa pa kamzati upetedwe ndi timfundo tating'ono, topangidwa pokulunga ulusi kamodzi kapena kawiri pa singano ndi kuibayanso pafupi ndi pamene inatulukira. Timitu tofiira tija tikhale timfundo tokulirapo ta nkhosi ziwiri. Tsamba lobiriwira ligawidwe pa mtsempha wake waukulu, mbali iliyonse ipetedwe payokha kuchokera m'mphepete kulowa pamtsempha mopendekera, yoyang'ana kuwala ikhale yowalirapo. Ndipo phesi lingofuna mizere iwiri itatu ya msoko wamba wopota, woderako kumbali ya mthunzi.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo duwa limodzi losaposa chikhatho likhoza kudya maola makumi angapo. N'chifukwa chake amene aganiza zogulitsa ntchito yotere awerengere nthawi yake asanatchule mtengo, asaiike pa mulu umodzi ndi madoilo, pakuti wogula wosadziwa adzayerekeza kukula kwa nsalu kokha. Petani masana, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, popeza nyali yausiku imasokoneza chikasu ndi kuyera ndiponso imatopetsa maso. Sambani m'manja musanayambe, ndipo mukaleka ntchito masulani mkombero kuti usasiye chipsera pa nsalu. Duwa likatha, ngati nsalu yada, ichapeni m'madzi ozizira ndi sopo wochepa, osaifikisa kapena kuipotokola. Iyaleni pa thaulo kuti imwe madzi, ndipo ikali yachinyezi muisite chakumbuyo, duwa litayang'ana pansi pa thaulo lofewa, kuti simbi isaphwathalitse misoko. Pa pilo kapena pa diresi, pamene pali kukhulana ndi kuchapa kwa sabata ndi sabata, nkhosi imodzi siikhalitsa. Choncho nsaluyo ikungeni pa kabolodi kolimba, muimange kumbuyo ndi ulusi wolimba wopita uku ndi uku, muiike m'felemu pa khoma limene dzuwa silifikapo, chifukwa dzuwa limafwifwitsa kufiira msanga kuposa mitundu ina yambiri. Ndipo mukafuna kuikapo galasi, uzani wopanga mafelemu asiye kampata kuti galasilo lisakhudze ulusi.